Nsikidzi za ku Joni

Kondwani, siya kusonkhezera motowo. Madzi amawira okha, safuna kapitawo. Bwera ukhale apa pakhonde. Iwe Ulemu, mukhazike Tiyamike pamwendo, umugwire manja asiye kudzikanda. Mpandowo usiyeni padzuwa pomwe mwauikapo. Sindinakane kuti muuthire madzi otentha, ndangoti dikirani, ndipo nkhalamba ikati dikirani ndiye kuti ili ndi mawu.

Ndikudziwa kuti nsikidzi zakutopetsani. Inenso zimandiluma, kungoti khungu langa linauma ngati la ng'oma, zimabwerera zitakhumudwa. Mwachapa zofunda, mwayanika mphasa, mwagula mankhwala opopera ku Chintheche amene angotinunkhitsira nyumba, ndiye lero mwapeza kumene zimagona: mu mpando wa nsungwi umene amayi anu ankakhalira pa Khirisimasi asanabwerere ku Joni. Mwafufuza bwino, ndakuyamikirani. Koma mpando umenewu unathiridwapo kale madzi otentha inu musanabadwe, ndipo amene anakakamira kuti uthiridwe ndine. Mumve kaye zimene zinatsatira, kenako tione chochita ndi mphika wanuwo.

Inu mumaseka Chitonga changa, mumati ndimayankhula ngati ndili ndi mbatata yotentha mkamwa. Sekani. Ine si wa kuno, ndinabadwira ku Ntcheu, kumene mwana amakula asanaonepo madzi oposa a m'dambo. Ndinabwera ndevu zikungoyamba kumera, nditamva kuti ku esiteti ya labala akulemba anthu. Masiku ano mumakwera minibasi m'mawa, madzulo mwafika, n'kumadandaula kuti msana ukuwawa. Ife tinakwera sitima ya pamadzi, pansi penipeni pamodzi ndi matumba a chimanga ndi mbuzi za eni ake. Ndinasanza ulendo wonse mpaka mayi wina wa ku Usisya anandimvera chisoni, n'kundipatsa kachidutswa ka chinangwa chouma kuti ndizitafuna. Nditatsika ndinalumbira kuti sindidzakweranso. Mwina n'chifukwa chake ndakalambira kuno.

Ntchito ya labala imafuna dzanja lofatsa. Umapita m'mawa mame asanaume ndi kampeni kopindika, umacheka khungwa mopendeketsa, pang'ono pokha, utomoni woyera n'kumatsikira m'kakapu. Ukazamitsa mpeni wavulaza mtengo, ukachita mantha utomoni sutuluka. Tinkagona m'malaini, anyamata ambirimbiri chipinda chimodzi, Alomwe a ku Mulanje, Achewa a ku Dowa, ndi ife Angoni. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira za nsikidzi, sukulu yake yopanda aphunzitsi. Ndinadziwa fungo lake ukaiphwanya, timadontho takuda timene imasiya m'mphepete mwa bedi, timazira take toyera ngati gaga. Ndinadziwanso chinthu china chimene muchisunge m'mutu kuti nkhaniyi muimve bwino. Nsikidzi yanjala imakhala yopyapyala ndi yotuwa, ukaiphwanya simutuluka kanthu. Yokhuta imatupa, imafiira. Mnzathu akapita kutchuthi, bedi lake n'kukhala lopanda munthu, tinkazipeza zitafota choncho m'ming'alu, zikudikira mwini wake.

Malemu agogo anu aakazi, Nyamhone, ankabwera kumalaini kudzagulitsa usipa wofutsa. Ankandiseka kuti ndimadya kondowole, nsima yawo ya chinangwa, nkhope itakwinyika ngati ndikumwa kwinini. Ndinagula usipa wake mpaka anzanga anayamba kundifunsa ngati ndatsegula golosale. Titakwatirana, amayi ake, a Nyachirwa, anapempha kuti tidzakhale pano chifukwa pakhomo panalibe mwamuna. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso, ukawaona akubwera panjira umapatukira kutchire. Anthu a kuno ankafa nako kuseka, kuona chimwamuna chachitali chikulowa m'chinangwa cha eni ake pothawa mayi wamfupi wosenza mtsuko. Koma ine ndinasunga mwambo wakwathu, ndipo mawu anga onse opita kwa apongozi ankadzera mwa Nyamhone.

Nyumba imene tinkakhalamo sinali ino. Inali apo pali mulu wa njerwa paja, pamene mumabisalirana. Kumapeto kwake kunali chipinda chokhala chokhoma nthawi zonse, ndipo kiyi wake ankalendewera pa chingwe m'khosi mwa apongozi.

Bambo ake a Nyamhone, a Mhone, anali mtchona. Kale mudzi uliwonse wa m'mbali muno unali ndi matchona ake, amuna amene anapita ku Joni kapena ku Halale n'kumezedwa komweko. A Mhone anabwerako kamodzi kokha, Nyamhone ali wakhanda. Mukuwadziwa Atonga ndi kutchena, inunso magazi ake muli nawo, ndimakuonani Lamulungu. Akuti anatsika atavala suti, chipewa, ndi nsapato zoti ukhoza kudzionerapo nkhope, dzuwa likuswa mtengo. Anati munthu wa suti sangakhale pa mphasa, ndiye anakaitanitsa mpando kwa mmisiri wina woluka wa ku Mpamba. Ndi umenewo, uli padzuwawo. Anaukhalira tchuthi chawo chonse pansi pa mango, akulandira alendo. Tsiku lonyamuka anaulowetsa okha m'chipinda chija n'kuuza akazi awo kuti, "Pasakhale munthu apa, ndikubwera." Nyamhone anakwawa, anayenda, anatha msinkhu, anakwatiwa ndi Mngoni wosanza m'sitima, iwo osabwera.

Ine sizinkandikhudza. Chipinda ndi chawo, kiyi ndi wawo, ndipo kwathu amati mkamwini asamakule mwendo. Mumtima ndinkangoti bamboyo anamwalira kalekale, mayiwa akulondera mpando wa munthu wakufa.

Amayi anu, Tamala, anabadwa nthawi ya mwera, nyanja ikukana mabwato. Anali mwana wonenepa, wamasaya. Koma pofika chilimwe, nyengo ngati ino yomwe mango amayamba kupsa, thupi lake linadzaza totupa, pamimba, pachifuwa, m'ntchafu. Ankalira osaleka, ankakana bere, totupa tija tinasanduka zilonda za mafinya, masaya aja anaphwa. Kuchipatala anatipatsa mafuta opaka, ndipo wazaumoyo wina wa ku Kasungu anandiuza kuti, "Bambo, mankhwalawa ndi a zilonda. Chimene chikumulumacho kachipezeni nokha, apo ayi mwanayu mudzabwera naye atafooka kuposa pano." Ndinachita mantha. Anali mwana wathu woyamba, ndipo sitinkadziwa kuti adzakhala yekhayo.

Kalelo zopopera za m'zitini zinali za mabwana. Ife tinkatulutsa bedi la zingwe panja n'kuthira madzi owira m'malumikiziro mwake. Tinkaviika nthenga ya nkhuku mu palafini n'kumapaka m'ming'alu ya khoma. Mphasa tinkakaziyala pamchenga masana, pamene mchenga umawotcha mapazi, ndipo pansi tinkazira ndi dothi latsopano. Zonsezi ndinachita, ndinabwerezanso. Chipinda chathu chinayera, ife awiri tinkagona tulo tabwino, koma mwana yekha ankangolumidwabe. Kenako ndinazindikira kuti totupa tatsopano timaoneka madzulo, osati m'mawa, ndiponso timakhala mbali imene mwana amakhudza msana wa womubereka. Masana onse, Nyamhone ali kumunda kapena kunyanja, mwanayo ankaswera kumsana kwa agogo ake.

Mmenemo m'pamene ndinayamba kuyang'ana chitseko chokhoma chija. Chinali chakale, ukachinyamula pang'ono loko wake ankalekerera yekha. Tsiku lina apongozi atapita kukavuula chinangwa kudziwe, ndinalowa.

Ndinkayembekeza fumbi ndi akangaude. Munali mosesedwa bwino kuposa m'tchalitchi. Munalibe china chilichonse koma mpandowo, uli pakati, kansalu koyera kopeta maluwa katayalidwa potsamira. Fungo lokha ndi limene linandilonjera, fungo la kumalaini lija. Nditayang'ana pansi ndinaona kuti mwendo uliwonse wa mpando waimikidwa m'chitini cha madzi. Ndinatulutsa kampeni kanga ka labala, n'kukanula pang'ono zoluka za pansi poika dzanja. Zinali zitathithikana, zazikulu ndi zazing'ono, ndipo zonse zinali zotupa. Ndinaphwanya imodzi pa chikhadabo, magazi ake anali ofiira, a tsiku lomwelo.

Taganizani monga ndinaganizira ine. Nsikidzi siuluka, sisambira. Zitini zija zinali zoti isatsike kupita kwa anthu. Ngati zakhuta, ndiye kuti si izo zimene zimapita kwa munthu, munthu ndi amene amabwera kwa izo. Ndipo pakhala pa mpando panali polowa pansi, monga umachitira mpando wokhalidwa tsiku ndi tsiku.

Nyamhone atabwera ndinamufunsa kuti, "Amakhala pa mpando uja ndani?"

"Palibe," anatero. "Ama sangayerekeze. Mwalowamo kodi?"

"Ndalowamo. Nsikidzi zake n'zokhuta."

Anatula dengu lake pansi, kenako ananena motsitsa mawu kuti, "Koma umalira. Kuyambira ndili mwana ndimaumva, masana kukakhala zii. Ama amati ndi ada, bambo anga, akupuma. Musawafunse, chonde."

Sindinawafunse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita masiku kunagwa mvula ya chizimalupsa m'mawa. Mitengo ya labala ikanyowa sitimacheka, utomoni umangomwazikana pa khungwa, ndiye kapitawo anatibweza. Ndinafika kuno dzuwa lisanafike pakati, mvula itakata, nthaka ikufuka nthunzi. Mudzi wonse unali kuminda kukapezerapo pa chinyezi. Nyenje zokha ndi zimene zinkalira. Tamala ndinamupeza akugona yekha pa mphasa m'chipinda chathu.

Ndili chiimire pomwepo, ndinaumva. Kwiii, pang'onopang'ono, monga umalirira mpando wa nsungwi munthu wolemera akamakhala mosafulumira. Kenako kulira kwina kwakung'ono, kwa munthu amene akusanjika mwendo pa unzake.

Ndinanyang'ama mpaka pachitseko chija, n'kusuzumira pa mng'alu wa pafelemu. Apongozi anga sanakhale pa mpando. Anali atagwada pambali pake, monga amagwadira mkazi wakale popereka madzi kwa mwamuna wake, manja a bulauzi atawapinda mpaka m'mapewa, mikono ataigoneka poika dzanja paja. Nsikidzi zinkatuluka m'zoluka n'kumakwera mikonoyo, zina kuima n'kumamwa, zina kupitirira mpaka kulowa m'bulauzi. Iwo osagwedezeka, osakanda. Ankayankhula chapansipansi m'Chitonga, ndipo zochepa zimene ndinatola zinali nkhani za pakhomo: kuti denga layamba kudontha pakona, kuti mwana wa Nyamhone anatenga makutu a agogo ake aamuna, kuti Mngoni uja ndi waulemu koma sadya mokwanira. Ankati akanena, n'kudikira pang'ono, ngati akumvetsera yankho.

Pa mpando panalibe munthu. Izi ndinena poyera, ndinayang'anitsitsa. Koma ndikuyang'ana choncho, iwo osasuntha ngakhale chala, mpandowo unaliranso.

Kondwani, ndakuona ukutsegula pakamwa. Ukufuna kunena kuti nsungwi zimalira zikamva chinyezi kenako n'kumva kutentha. Ndikudziwa, ndalukapo mipando ndi manja awa, ndipo tsiku limenelo ndinadziuza zomwezo. Koma ndinabwerera chambuyo, ndinanyamula mwana wanga, n'kukakhala naye pansi pa mango mpaka anthu anabwerako kumunda.

Madzulo ake ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo. Apongozi ali pakhonde akusenda chinangwa, ndinakakhala kuseri kwa khoma, nkhope nditalozetsa kwina, n'kuwayankhula ine mwini. Nyamhone anaima pakhomo atagwira pakamwa.

"Amayi," ndinatero, "chimene chikumudya mwanayu chili mu mpando uja. Chimakwera inu, inu n'kumubereka. Ndikupempha tiuthire madzi otentha."

Mpeni wawo unasiya kusenda. "Cha, ada," anatero, ndiko kuti ayi, bambo. Chichewa chawo chinali chothyokathyoka ngati Chitonga changa, koma tsiku limenelo tinamvana bwino. "Mumati nsikidzi imalowa ndi alendo. Izi zinalowa ndi mwini nyumba. Zinabwera m'jekete lawo kuchokera ku Joni, zinamwa magazi awo mu mpando umenewu. Zimene mwaonazo ndi zidzukulu za zidzukulu zake, koma magazi satayika. Ine ndilibe chithunzi chawo, ndilibe manda awo. Ndili ndi zimenezi. Zikafa ndi njala ndiye kuti ndawataya ndine."

"Amayi, bambo aja mwina anatisiya kale."

"Akanamwalira ndikanadziwa. Mpando ukanasiya kulira. Mukathira madzi apo, ada, mwathira pamsana pa a Mhone."

Ananena kuti akhoza kusamutsira mpandowo ku kanyumba ka nkhuni, kutali ndi mwana. Ndinakana. Ndinati mpando ungapite kulikonse, koma malinga iwo akuugwadirabe, nsikidzi zizibwerabe m'zovala zawo. Ndinati asankhe: athire madzi, kapena asadzamuberekenso Tamala, ndipo ine nditenga mkazi wanga ndi mwana tikakhale kumalaini. Ndinali mnyamata, mawu ankatuluka owongoka ngati nsungwi. Iwo anangotola mpeni wawo n'kupitiriza kusenda.

Masiku otsatirawo pakhomo panali ngati pali matenda. Nyamhone ankalira mobisa, wagwidwa pakati pa amayi ake ndi mwana wake. Apongozi sanamukhudze Tamala, ankangomuyang'ana chapatali. Mwana naye anazolowera msana wawo, akawaona ankatambasula manja, iwo n'kutembenuka kulowa m'khitchini.

M'mawa wina, Loweruka, anabwera okha n'kumutenga m'manja mwa Nyamhone. Anamuvula kamalaya, anayang'ana zilonda zija chimodzichimodzi, akuzikhudza ndi nsonga ya chala. Atamubweza anakakoleza moto, n'kuteleka mtsuko waukulu wophikira thobwa. Analowa m'nyumba, anatuluka atamanga duku lakuda. Ine ndinapita kuti ndinyamule mpando, iwo anati, "Cha, ada. Mwamuna ndi wanga." Anautulutsa okha, anauimika pansi pa mango pomwe a Mhone ankakhala, anachotsa kansalu koyera kaja n'kukapinda bwinobwino.

Anathira ndi chikho, kuyambira potsamira. Madzi ankatsika ofiirira, nthunzi ikununkha fungo lija, tizilombo tikugwa pansi ngati mapira. Mpando unalira kamodzi, kulira kwakutali, osati kwa munthu amene akukhala koma kwa amene akudzuka. Atatha mtsuko wonse anaponya chikho pansi, anakhala chotambalala m'matopemo, n'kuyamba kulira maliro. Anthu anabwera akuthamanga, akufunsa kuti wamwalira ndani, kodi ndi mwana uja? Atamva, palibe anaseka. Azimayi anakhala pansi n'kulira nawo, azibambo anavula zipewa. Tinakhala maliro opanda mtembo tsiku lonse, ndipo mkulu wa mpingo anangoyambitsa nyimbo.

Tamala anachira. Zilonda zinauma, masaya anabwerera, ndipo agogo ake anamuberekanso mpaka anayamba kuyenda. Ine ndinkayenda chifuwa chili patsogolo, ndikuti ndapulumutsa mwana ndiponso ndamasula mayi wokalamba ku ukapolo wa tizilombo.

Mvula inagwa, inatha. Mwera utayambanso kunabwera bambo wina wa ku Kande, wobwerera kuchokera ku Joni, atanyamula chipewa chakale m'pepala. Anafunsa nyumba ya a Nyachirwa, anakhala pa mphasa, n'kuika chipewacho patsogolo pawo. Anati a Mhone anali moyo zaka zonsezo. Ankaphikira mzungu wina, ankagona m'kachipinda ka kuseri, sanakwatirenso, ndipo chaka chilichonse ankati chaka chamawa ndikupita kwathu. Anali munthu wamphamvu, wosadwaladwala. Koma Loweruka lina, Khirisimasi isanafike, anangofuula ali kukhitchini kuti msana ukupsa. Anzake atawavula malaya anapeza matuza kuyambira m'mapewa kutsika. Anagonekedwa m'chipatala, thupi likutentha, akungoti msana, msana, ndipo sanatulukemo.

Apongozi anafunsa funso limodzi lokha: "Kuno mango anali atayamba kupsa?"

Bamboyo anawerengera miyezi m'mutu, n'kuvomera kuti inde, ikhoza kukhala nthawi imeneyo.

Alipo matenda otchedwa mashingozi, amatulutsa matuza otentha ngati moto. Wazaumoyo uja anandifotokozera, ndipo ndimakhulupirira kuti amanena zoona. Loweruka nalo limabwera sabata iliyonse. Koma mlendoyo atapita ndinakakhala kuseri kwa khoma kuja. Ndinkadikira kuti apongozi anditukwane, andithamangitse pamudzi. Iwo anabwera mbali yanga ya khoma, anaima patsogolo panga, Tamala ali kumsana. Aka kanali koyamba kuwayang'ana kumaso.

"Musadzivute, ada," anatero. "Chikho chinali m'manja mwanga. Ndinkadziwa."

Sanadzanenenso za nkhaniyi mpaka anamwalira, ndipo pa mpandowo sanakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Chipewa chija tinakachikwirira kumanda. Mpando unakhala pakhonde, nkhuku zikukwerapo, mpaka Nyamhone atayamba kudwala mawondo anautenga kukhala wake. Ndinaulukanso pokhala ndi potsamira pamene panatha, koma mafupa ake ndi omwe aja a mmisiri wa ku Mpamba. Zaka zonsezo unkalira pokhapokha munthu akaukhalira, monga mpando wina uliwonse. Mukandifunsa ngati ndikanachita mosiyana, ndikuuzani kuti ayi. Popanda madzi aja, inu atatu simukanakhala pano mukundiyang'ana ndi makutu a a Mhone.

Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kale ku Joni kunkapita amuna okha, lero kukupita ndi akazi omwe. Amayi anu atanena kuti akupita, bambo anu atawasiya ndi inu, ndinawaletsa, sanamve, ndipo sindiwadzudzula. Nyumba ino yamalata ndi thukuta lawo. Chaka chatha anabwera pa Khirisimasi ndi chikwama chachikulu chamizeremizere chimene chinagona masiku m'mimba mwa basi, ndipo ine nditangomva fungo lake ndinadziwa kuti talandira alendo ena. Tchuthi chonse anakhala pa mpando wa amayi awo, akukuluka tsitsi iwe Ulemu, akudzikanda m'mikono n'kumati ndi udzudzu. Ponyamuka anaugwira potsamira n'kunena moseka kuti, "Ada, mundisungire mpando wanga, ndikubwera." Inu munaseka nawo. Ine ndinalowa m'nyumba.

Ankaimba foni Lamulungu lililonse. Anasiya pamene mpunga wa ku Limphasa unkakololedwa. Mukudziwa nokha, mumayesa tsiku ndi tsiku, amangoyankha ndi mzungu wamkazi wa m'makina uja, kuti nambala sikupezeka. Ndafunsa onse obwerako, wa ku Chintheche, wa ku Kande, aliyense akuti anasamuka kumene ankakhala. Ndinakuuzani kuti mpando wathyoka mwendo, musakhalepo, n'kuukankhira pakona. Sunathyoke, mwauona nokha pounyamula.

Pali chimene simukudziwa chifukwa masana mumakhala kusukulu, Tiyamike ali kwa anzake. Kukakhala zii, nyenje zokha zikulira, ine nditagona pa mphasa apa, umalira. Kwiii, kenako kakang'ono kaja. Tsiku loyamba ndinachita mantha monga ndinachitira ndili mnyamata. Tsopano ndimaudikira. Tsiku limene wachedwa, chakudya sichilowa.

Tamverani, chivundikiro chikugwedera, madzi anu awira. Ulemu, tembenuza mwanayo ndione. Ee, pamimba ndi m'ntchafu, chimodzimodzi amayi ake. Sangapitirire choncho, ndipo sindingakuuzeni kuti mupirire.

Kondwani, phula mphikawo ndi nsanza, usapse. Thirani pa mabedi anu, m'malumikiziro monse, thirani pa mphasa, zofunda muviike momwemo. Mukatha mutelekenso ena, muthire m'ming'alu ya pakona pamene mpando unali. Nyumba yonse ikhale yoyera.

Mpandowo nditenga ine. Ndikauika ku kanyumba ka nkhuni, ndipo mphasa yanga mukandiyalire komweko. Ulemu, kandipezere zitini zinayi zopanda mabowo, uzidzaze madzi ozizira. Zovala zanga musamazisakanize ndi zanu. Chakudya muzingoika pakhomo. Tiyamike akandithamangira muzimugwira, asakwere pamwendo panga, ngakhale alire. Apongozi anga anandipempha zomwezi ine n'kuwakaniza, koma iwo anali ndi mwana woti abereke, ine ndili ndi inu akuluakulu oti mumubereke.

Musandiyang'ane choncho. Magazi anga ndi okalamba koma akadalipo, azikwana. Tsiku limene amayi anu adzaimbe, ndikadzamva mawu awo ndi khutu langa, ndidzakoleza moto ndekha, ndipo ndidzawauza kaye kuti akhale pamthunzi, avale malaya okhuthala.

Pita, Kondwani, madzi akuzizira. Podutsa apo ulambalale, dontho lisagwere pa mpando.